Bulu si ng'ombe yaing'ono: mafunso ndi mayankho pa kadyedwe ka abulu ndi akavalo

Mukanyamuka m'mamawa pa Mitundu kulowera ku Bunda, kapena mukaima m'mphepete mwa msewu wa M1 pa Nathenje, ngolo za abulu simungazisowe. Ina yasenza njerwa, ina mchenga wa kumtsinje, ina matumba a mtedza ndi soya. Pamwamba pakhala mnyamata ndi kamtengo kake, kutsogolo abulu awiri ali pagoli limene mmisiri analisema akuganiza za khosi la ng'ombe. Akavalo, amene ena amati mahatchi, kuno n'ngosowa. Wofuna kuwaona amapita ku Kande m'boma la Nkhata Bay, kumene alendo amalipira kuti akwere. Koma kavalo ndi bulu ndi apachibale, ngakhale maina awo tinawatola kumodzi, kwa Apwitikizi amene amati cavalo ndi burro. M'mimba mwawo munapangidwa mofanana, ndiye zambiri zimene tinene za bulu zikukhudzanso kavalo. Pamene asiyana tidzanenapo.

Bulu amadya udzu, ng'ombe imadyanso udzu. Kusiyana kuli pati?

Kuli m'mimba. Aliyense amene anatumbulapo mbuzi amadziwa kuti chifu chake chili ndi zigawo zinayi, ndipo chigawo choyamba ndi chithumba chachikulu chodzaza ndi udzu. Ng'ombe nayo ndi chimodzimodzi. Pa ng'ombe yaikulu, chithumba chimenechi chimatha kulowa malita opitirira 100. N'chifukwa chake ng'ombe imadya mothamanga, kumangomeza, kenako n'kukagona pamthunzi kumabzikula. Imatafuna ili chigonere zimene inasonkhanitsa ili chiimire.

Bulu alibe nkhokwe yotereyi. Chifu chake n'chimodzi ngati cha munthu, ndipo n'chaching'ono. Cha kavalo wamkulu chimalowa malita 8 mpaka 15 okha, cha bulu n'chocheperapo. Sabzikula. Zimene sanatafune bwino pakamwa, mwayi wachiwiri palibe. Udzu umadutsa m'chifu ndi m'matumbo aang'ono, n'kukafika kumatumbo aakulu a kumapeto, ndipo kumeneko ndi kumene tizilombo tosaoneka ndi maso timauphwanya n'kuusandutsa mphamvu. Tinene kuti ng'ombe inaika chigayo chake pakhomo lolowera, bulu anachiika kuseri kwa nyumba.

Pali zina ziwiri zofunika kuzidziwa. Bulu ndi kavalo sasanza. Chikalowa chalowa, kaya n'chabwino kaya n'choipa, njira yake ndi imodzi yokha. Chinanso, chifu chawo chimatulutsa asidi usana ndi usiku, kaya muli chakudya kaya mulibe, pamene malovu amene amaziziritsa asidiyo amatuluka pokhapokha nyamayo ikamatafuna. Bulu wokhala tsiku lonse osatafuna kanthu amapsa m'chifu, mpaka zilonda.

Mwachidule, nyama imeneyi inalengedwa kuti izidya pang'onopang'ono nthawi yaitali. Mukaisiya yokha patchire, imatha maola 12 mpaka 16 patsiku ikubudula, kuyenda pang'ono, kubudulanso, usiku womwe.

Anthu amati bulu safa ndi njala. N'zoona?

Mawu amenewa ali ndi kachoonadi kake, ndipo kachoonadi kameneko ndi kamene kavutitsa abulu ambiri. Makolo a bulu ndi abulu am'tchire a kumaiko ouma a kumpoto chakum'mawa kwa Africa, kumene lero kuli Ethiopia, Eritrea ndi Somalia, ndipo anthu anayamba kumuweta zaka pafupifupi 7,000 zapitazo. Kumeneko msipu ndi wosowa, ndiye thupi lake linazolowera kufinya chakudya kuchokera m'zinthu zolimba: udzu wouma, timitengo, makungwa, minga. Amasunga chakudya m'matumbo nthawi yaitali kuposa kavalo, ndipo amapezamo zambiri. Pamene kavalo angaonde, bulu amakhalabe ali chilili.

Koma bulu wam'tchire uja sakoka njerwa. Kupirira njala ndi nkhani ina, kugwira ntchito uli ndi njala ndi nkhani inanso. Komanso bulu ndi nyama yobisa ululu. Sabuula, sadzigwetsa pansi msanga ngati kavalo. Amangoima, mutu pansi, makutu atagwera m'mbali, mwini wake n'kumati wachita makani. Kaŵirikaŵiri amene timamutcha waliuma amakhala wanjala, waludzu kapena wodwala.

Ndiye amafunika chakudya chochuluka bwanji patsiku?

Tiŵerengere chouma, chifukwa madzi a mu udzu sakhutitsa. Bulu wosagwira ntchito amafunika chakudya chouma cholemera pakati pa 1.3 ndi 1.8 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi lake. Bulu wa makilogalamu 150 ndiye kuti makilogalamu 2 mpaka 2.7, ndipo akamakoka ngolo tsiku ndi tsiku tizinena makilogalamu 3 kapena kupitirirako. Kavalo amafunika pafupifupi 2 pa 100 alionse: wa makilogalamu 450 amadya makilogalamu 9 a udzu wouma.

Makilogalamu 3 akumveka ochepa mpaka mutawaona. Mapesi ndi udzu wouma n'zopepuka, ndiye mulu wake ndi waukulu ndithu. Ngati ndi udzu wauŵisi wa m'dzinja, magawo atatu kapena anayi mwa asanu amakhala madzi okhaokha, choncho pamafunika makilogalamu pafupifupi 8 mpaka 15 kuti bulu apezemo zomwe zija. Kamtolo kamene mwana amanyamula m'khwapa pochokera kudimba sikafikako ngakhale theka.

Wanga akuonda chonsecho kunja kuli msipu mbwee. Chikumudya n'chiyani?

Tisanayambe kukaikira anthu, tiyeni tiŵerenge maola a bulu ameneyu.

Tambala atangolira kachiŵiri, wamangidwa kale pagoli. Ulendo woyamba wa mchenga, wachiŵiri, wachitatu. Ngolo ikamapakiridwa iye amaima pompo goli lili pakhosi, pamalo opanda ndi kaudzu komwe. Masana anyamata akakhala pansi kudya chimanga chootcha kapena tchipisi, abulu ali chiimire padzuŵa. Akamamasulidwa nthawi ili cha m'ma 3 kapena 4 koloko. Adya maola aŵiri, mwina atatu, kenako mdima, ndipo poopa akuba amatsekeredwa m'khola lopanda kalikonse mpaka m'maŵa. Nyama imene inayenera kutafuna maola oposa 12 yatafuna atatu.

Ng'ombe ya pangolo imapirirako moyo wotere, chifukwa m'maola ochepawo imadzaza chithumba chake chija n'kumakabzikula m'khola usiku wonse. Bulu alibe kosungira. Ine ndimaona kuti njala yaikulu ya abulu a kwathu kuno si ya kusowa kwa udzu, ndi ya kusowa kwa nthawi yodyera. Tinatenga goli la ng'ombe n'kumuveka, tinatenganso ndondomeko ya kadyedwe ka ng'ombe n'kumupatsa, ndipo zonse ziŵirizi zimamupweteka.

Tsiku lina ndinaima pachigayo china kufupi ndi Mitundu, kudikira kuti mphale yanga ituluke. Panali ngolo ziŵiri. Abulu a ngolo yoyamba anali pagoli, mmodzi akuyesetsa kutambasula khosi kuti afikire chikonyo cha chimanga chimene chinagwera pafupi ndi tayala, mnzakeyo akukokera kwina, golilo likungopekesa pachilonda. Mwini ngolo yachiŵiri, bambo wachikulire, atangofika anamasula abulu ake, anatsitsa thumba lodzaza ndi mapesi oduladula osakaniza ndi masamba a mtedza, n'kulikhuthulira pansi pa mtengo. Kenako anapempha ndowa kwa mayi wina wogulitsa mandasi. Ola lonse limene tinadikira magetsi, abulu akewo anali akutafuna. Thumba limenelo silinamudyere ndalama, ndipo msana wa abulu ake unali wosiyana kwambiri ndi wa anzawo aja.

Mankhwala ake ndi amenewo. Thumba la chakudya liziyenda ndi ngolo. Paliponse pamene mwaima kupitirira theka la ola, masulani, adye. Ndipo usiku m'khola musamakhale mbee: ikanimo mapesi kapena udzu wokwanira kuti m'maŵa mupeze patatsala pang'ono. Mukapeza m'khola mwayera psiti, dziŵani kuti munaika zochepa.

M'dzinja muli msampha wina. Chifukwa minda yadzala, abulu amamangiriridwa pachingwe, ndipo chingwe chikakhala chachifupi, pofika 10 koloko bulu wamaliza kale udzu wonse umene angaufikire. Tsiku lotsalalo amangozungulira chikhomo. Musunthireni kaŵiri kapena katatu patsiku.

Chilimwe chikafika, mapesi okha angamusunge?

Angamusunge wamoyo, koma sangamusunge wamphamvu. Mapesi ndi chakudya chabwino kwa bulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Bungwe la The Donkey Sanctuary la ku Devon, ku England, limene linayamba mu 1969, limalangiza kuti gawo lalikulu la chakudya cha bulu lizikhala mapesi a mbewu monga barele, chifukwa kwawoko vuto ndi abulu onenepa mopitirira muyeso. Kwathu mapesi a chimanga ndi amene amagwira ntchito imeneyo. Vuto lake n'lakuti zomanga thupi muli zochepa kwambiri, makamaka akakhalitsa m'munda padzuŵa, masamba onse atayoyoka n'kutsala ndodo zokhazokha.

Mwayi wa dera lino ndi mtedza. Kuyambira Mitundu mpaka Nathenje, makomo ambiri amalima mtedza kapena soya, ndipo tikathothola mtedza timasiya milu ya masamba ndi mitengo yake m'munda kuti chiswe ndi moto zigaŵane. Zotsalira zimenezi zili ndi zomanga thupi zochuluka kuposa mapesi, zilinso ndi mchere wolimbitsa mafupa wa kashiamu. Masamba a khobwe, nyemba ndi nandolo nawo ndi otero. Mukasakaniza gawo limodzi la zotsalira za mtedza ndi magawo aŵiri kapena atatu a mapesi, mwapanga chakudya chimene bulu angakokere ngolo mpaka mvula yoyamba.

Chofunika ndi kututa msanga. M'miyezi ya May ndi June, mukangomaliza kukolola, tutani mapesi akadali ndi masamba, muwaunjike pansanja yotalikirana ndi nthaka, pamthunzi. Mukachedwa mupeza ng'ombe za m'mudzi zadutsamo, anyamata osaka mbewa atentha, ndipo otsalawo apita kukawotchera nazale ya fodya. Mapesi ali ndi eni ake ambiri, kuphatikizapo munda womwewo umene umafuna kuphimbiridwa, ndiye gawo la bulu lizipatulidwa poyambirira.

Udzu nawo mutha kuufutsa. Umwetedwe ukangoyamba kutulutsa ngayaye, cha mu March, uyanikidwe masiku aŵiri kapena atatu mpaka uume koma usanataye mtundu wake wobiriŵira, kenako usungidwe posadontha. Udzu wa tsekera umene wakhwima mpaka kufika pofolera nyumba watha kale ntchito ngati chakudya. Nsenjere ya m'mbali mwa dimba, kholowa ndi nyemba za mtengo wa msangu zimathandizanso mu October ndi November, pamene dambo layera. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chenjezo limodzi: udzu wauŵisi womweta musamausiye wopanikizika m'thumba. Umatentha n'kuyamba kusasa, ndipo ukaloŵa m'mimba umadzaza mpweya. Uyaleni.

Nanga madeya? Si ndiye chakudya chopatsa mphamvu?

Amapatsadi mphamvu, ndipo kwa bulu wogwira ntchito yolemetsa kapena woyamwitsa ndi othandiza. Koma madeya ndi ndiwo, nsima yake ndi udzu. Mukatembenuza zimenezi mwaputa mavuto aŵiri.

Loyamba limabwera msanga. Bulu akadya madeya kapena chimanga chambiri nthawi imodzi, matumbo aang'ono amalephera kugaya chonse, ndipo chotsalacho chimakagwera kuchigayo cha kumapeto chija. Kumeneko chimasasa, asidi amachuluka, tizilombo tothandiza tija timafa. Zotsatira zake ndi kupotokola kwa m'mimba, kutsegula, kapena matenda a ziboda amene madotolo amati laminitis: ziboda zimatentha, bulu amayenda ngati akuponda pamoto, ndipo nthawi zina sachira bwinobwino moyo wake wonse. Bulu amene wabowola thumba la chimanga usiku ndi wofunika dotolo, ngakhale m'maŵa akuoneka wosangalala.

Lachiŵiri limabwera mwakachetechete. Mafupa amafuna kashiamu wochuluka kuposa fosifolasi, pafupifupi magawo aŵiri pa limodzi. Madeya ali chozondoka: fosifolasi wambiri, kashiamu pafupifupi mulibe. Nyama ikamadya madeya ochuluka miyezi ndi miyezi, thupi limayamba kukumba kashiamu m'mafupa ake omwe. Mafupa a kumaso amatupa, mano amagwedera, miyendo imatsimphina mosinthanasinthana. Ku Ulaya matendaŵa ankadziŵika kuti ndi a akavalo a eni zigayo, chifukwa iwo ndi amene ankadyetsa madeya a tirigu osaŵerengera. Apa mpamene zotsalira za mtedza zija zimapindulanso kachiŵiri, chifukwa zimabwezera kashiamu. Kulinso laimu wopangidwira ziŵeto amene amasakanizidwa ku madeya. Muyeso wake funsani alangizi, ndipo musatenge laimu wopaka nyumba.

Ndiye tizipereka bwanji? Yambani ndi manja aŵiri patsiku, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata aŵiri. Pakudya kamodzi asapitirire theka la kilogalamu. Ngati mukufuna kupereka ochulukirapo, gaŵani m'maŵa ndi madzulo. Awazeni madzi kuti asamutsamwe ndi kumuloŵa m'mphuno, ndipo ayambe wadya udzu. Akadya madeya, papite ola limodzi asanaloŵe pagoli. Tsiku limene sakugwira ntchito, chepetsani. Soya ngati mukufuna kuwonjezerako, akhale wokazinga ndi wogaya, kadzanja kamodzi. Wamuŵisi amasokoneza kugaya kwa chakudya.

Chimanga chowola chimene tasankha posungira, tingamupatse? Nanga chakudya cha nkhuku chotsala?

Ayi, zonse ziŵiri.

Tinazoloŵera kuti chimanga chachuku n'cha ziŵeto kapena cha moŵa. Koma nkhungu ina imene imamera pa chimanga imatulutsa poizoni wotchedwa fumonisin, ndipo mwa ziŵeto zonse akavalo ndi abulu ndi amene amagwa naye msanga. Amawononga ubongo. Nyama imayamba kuyenda mozungulirazungulira, kugunda mitengo ngati yakhungu, kukanikiza mutu pakhoma, kenako kugwa. Zikafika pamenepo mankhwala palibe. Madeya onunkha chinyontho kapena oumbika mabuluma, ndi zotsalira za mtedza zimene zanyowa n'kuda, zonsezo zikathireni kudzenje la manyowa.

Chakudya cha nkhuku chogula m'sitolo, makamaka cha nkhuku zanyama, kaŵirikaŵiri chimakhala ndi mankhwala oteteza anapiye ku matenda a m'matumbo, monga monensin. Nkhuku sizimva kanthu, koma kwa kavalo ndi bulu mankhwalaŵa amawononga mtima ngakhale atachepa. Zakudya zina zonenepetsera ng'ombe zilinso nawo. Thumba likakhala ndi chithunzi cha nyama ina, si la bulu.

Madzi amafunika ochuluka bwanji? Ena amati bulu amakhala masiku osamwa.

Amatha kukhaladi, ndipo akapeza madzi amabwezera m'mphindi zochepa zimene anataya. Koma kutha kupirira sikutanthauza kuti sizikumupweteka. Bulu wokoka ngolo amafunika malita 10 mpaka 20 patsiku, ndipo mu October, dzuŵa likamaswa mtengo, ndowa ya malita 20 ikhoza osamukwana. Woyamwitsa amafuna ochulukirapo. Kavalo amamwa malita 25 mpaka 50.

Madzi ndi ofunika kwambiri nthawi ya mapesi. Chakudya chouma chikaloŵa m'matumbo opanda madzi chimaumbika n'kutseka njira. Mukaona ndowe zikutuluka zochepa, zolimba, zouma ngati miyala, limenelo ndi belu.

Bulu ndi waukhondo pakamwa. Madzi a m'ndowa imene munachapiramo, kapena ya fungo la dizilo, amangowanunkhiza n'kutembenuka, ndipo mwini wake amati alibe ludzu. Amafunanso kudekha. Mukamuikira ndowa uku mukumukalipira kuti afulumire, samwa. Mpatseni mphindi zisanu, muime chapatali. Za kuti nyama yotuluka thukuta isamwe madzi, zisiyeni. Ikapuma pang'ono mpweya n'kubwerera m'malo, imwe mmene ikufunira. M'maŵa asanamangidwe, masana, ndi madzulo: katatu ndiye poyambira.

Mchere?

Eya. Thukuta la bulu ndi kavalo limatuluka ndi mchere wambiri, ndipo udzu ndi mapesi sizibwezera wokwanira. Supuni imodzi yaikulu ya mchere wa kukhitchini patsiku, wowaza pachakudya chonyowetsa, imakwana kwa bulu wogwira ntchito. Bulu wonyambita dothi, makoma kapena mpini wa khasu nthawi zambiri akufuna mchere. Bola madzi akhale pafupi.

Pali zomera kapena zinthu zina zimene ayenera kuzipewa?

Lukina ndi woyamba, chifukwa alangizi anatiphunzitsa kuti ndi chakudya chabwino cha mbuzi ndi ng'ombe zamkaka, ndipo ananena zoona. Koma ali ndi poizoni wotchedwa mimosine, amene nyama za chifu chimodzi zimavutika naye. Bulu kapena kavalo wodya lukina wambiri amasosoka ubweya wa kumchira ndi wa pakhosi, ziboda n'kuwonongeka. Njere za nsatsi zimapha. Makoko a chinangwa choŵaŵa ndi mapira ophukira kumene pambuyo podula alinso ndi poizoni. Bulu wokhuta zambiri mwa izi amazilambalala yekha. Wanjala ndi amene amadya chilichonse.

Koma mdani amene ndimamuopa kwambiri pamisika yathu si chomera. Ndi jumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma pitani kuseri kwa msika uliwonse mukaone. Jumbo imene munali tchipisi kapena mandasi imanunkhira mchere ndi mafuta, bulu amaimeza, ndipo paja tanena kuti sasanza. Majumbo ndi zingwe za matumba zimapombana m'matumbo mpaka kutseka. Ndiye pamsika musamamasule bulu kuti akadzisakire kudzala. Apa mpamene thumba lija la pangolo limapulumutsa moyo.

Wanga ali ndi chimimba chachikulu. Si ndiye kuti ndi wonenepa?

Mimba siuza zoona. Bulu wodya mapesi okhaokha amakhala ndi chimimba chifukwa matumbo adzaza zinthu zochedwa kugayika, ndipo wa njoka zam'mimba amakhalanso nacho. Muyeso weniweni uli m'manja mwanu. Sisitani nthiti, msana, ndi mafupa a m'chiuno. Nthiti zizimveka mukakanikiza pang'ono, koma zisamaŵerengeke ndi maso muli patali. Msana ukatuluka ngati mpeni, mafupa a m'chiuno ngati zikhomo zopachikapo chipeŵa, nyamayo yaonda, kaya mimba ikukula bwanji. Ndipo bulu woonda ndi amene amachita zilonda za goli msanga, chifukwa pakati pa mtengo ndi fupa palibe mnofu.

Ngati akudya mokwanira koma osasintha, yang'anani zinthu ziŵiri. Njoka zam'mimba, zimene alangizi ali ndi mankhwala ake. Ndi mano. Mano a bulu amapitiriza kutuluka zaka zambiri uku akuperepeseka, ndipo akaperepeseka mokhota amasongoka n'kumacheka tsaya ndi lilime. Chizindikiro chake ndi timibulu ta udzu wotafunidwa mwatheka timene timagwa pansi pamene amadyera, kapena zidutswa zitalizitali za udzu m'ndowe. Dotolo amawapala ndi tupa yake. Bulu wokalamba muzimudulira mapesi tating'onoting'ono n'kuwanyowetsa.

Wasiya kudya kuyambira dzulo. Tidikire kaye?

Musadikire. Bulu akasiya kudya, thupi lake limatulutsa mafuta ambiri nthawi imodzi kuloŵa m'magazi, chiŵindi n'kulephera kuwasamala. Matendaŵa, amene madotolo amati hyperlipaemia, amapha m'masiku ochepa, ndipo amakonda kwambiri abulu onenepa, abere ndi oyamwitsa. Chimene chimawayambitsa chikhoza kukhala chilichonse chomuletsa kudya: dzino, ulendo wautali, ngakhale imfa ya mnzake wa pagoli, pakuti abulu amakondana aŵiriaŵiri ndipo wotsalayo amatha kunyanyala chakudya.

Chenjerani ndi bulu wonamizira kudya. Amaika mlomo pachakudya, kumachigwedeza, koma osameza. Imani pafupi muone ngati pakhosi pakudutsa kanthu. Pamene mukudikira thandizo, muyeseni ndi zimene amakonda: udzu wanthete, kholowa, madeya pang'ono onyowa, ndi madzi oyera. Musamuthire mafuta kapena mankhwala m'kamwa mokakamiza mutu uli m'mwamba, chifukwa zikaloŵera kumapapo mwawonjezera matenda ena.

Wamkazi wabere ndi mwana wake tiziwadyetsa mosiyana?

Bere la bulu limatenga pafupifupi miyezi 12, la kavalo 11. Mwana amakula kwambiri m'miyezi itatu yomaliza, nthawi yomweyo n'kumapanikiza matumbo a make kuti asamadye zambiri. Ndiye m'miyezi imeneyi mayiyo apumule pagoli, ndipo zotsalira za mtedza zabwino kwambiri zikhale zake. Miyezi itatu yoyamba kuyamwitsa ndi imene imamukama koposa ntchito ina iliyonse.

Mwana ayamwe mkaka woyamba, wachikasu uja, m'maola ochepa atangobadwa, chifukwa chitetezo chake chonse chili mmenemo ndipo pakatha tsiku limodzi matumbo ake saulandiranso. Amayamwa kaŵirikaŵiri, kangapo pa ola, choncho kumutsekera m'khola make ali kumchenga tsiku lonse ndi kumulanga. Asasiyitsidwe asanakwane miyezi 6. Ndipo ngakhale aoneke wamkulu, mafupa ake sakhwima mpaka zaka zitatu kapena zinayi. Goli lidikire.

Nanga munthu atapeza kavalo, angamudyetse ngati bulu?

Malamulo ake ndi omwewo, udzu patsogolo, pang'onopang'ono, madzi ambiri, kusintha chakudya mosathamanga. Koma kavalo ndi mwana wa kumadambo a udzu a ku Asia ndi kum'maŵa kwa Ulaya, sanakulire m'chipululu. Mapesi amene bulu amakhala nawo bwinobwino, kavalo amaonda nawo. Amafuna udzu wofutsa wabwino monga wa Rhodes, wochuluka katatu kapena kanayi kuposa wa bulu, ndipo ludzu salipirira. Kutembenuza nakonso n'koopsa: bulu wodyetsedwa ngati kavalo amanenepa mpaka kudwala ziboda. Chinanso chimene chimachititsa akavalo kukhala osoŵa kuno ndi matenda, monga aja ofalitsidwa ndi touluka tating'ono toluma madzulo otchedwa African horse sickness, amene amapha akavalo ambiri pamene abulu a mu Africa kaŵirikaŵiri amapulumuka. Nyulu, mwana wa bulu wamphongo ndi kavalo wamkazi, pa kadyedwe amatsamira kwa bambo wake.

Tikafuna thandizo tipite kuti?

Poyambira ndi kwa mlangizi wa ziŵeto wa boma, kuofesi ya zaulimi ya dera lanu, monga ya Mitundu EPA. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, imene likulu lake lili pa Bunda pomwepa, imaphunzitsa madotolo a ziŵeto. Mumzinda wa Lilongwe muli bungwe la LSPCA, limene lili ndi chipatala cha ziŵeto ndipo lakhala likugwira ntchito ndi eni abulu m'midzi, pa nkhani za zilonda, zomangira pangolo ndi kasamalidwe.

Poimba foni kapena popita, konzekerani kuyankha mafunso amene dotolo aliyense adzafunse. Wadya chiyani masiku atatu apitaŵa, ndipo pali chatsopano chimene mwamupatsa? Wamwa liti komaliza? Ndowe watulutsa liti, ndipo zinali zotani? Ngati mukukaikira madeya kapena chimanga, tapaniko pang'ono mupite nazo, pamodzi ndi ndowe za m'maŵa umenewo zokulunga patsamba la nthochi.